Nyumba ya Sitima za a Thombozi

Sendererani kuno ana inu, mumve mmene mwambi uwu unayambira.

Ku Balaka, kuseri kwa siteshoni, kunali bambo wina dzina lake a Thombozi. Pa unyamata wawo ankathira girisi m'mawilo a sitima. Atapuma pantchito, sitima zinawachoka m'manja koma m'mutu zinatsalamo. Mwana wawo wa ku Joni atawatumizira kasitima koseweretsa, kachitsulo, kokhala ndi tinjanji take tolumikiza, matenda anayambira pomwepo. Anayamba kusonkhanitsa mitu ya sitima ndi mabogi: a malasha, a ng'ombe, a anthu, ena ogula pa kaunjika, ena osinthanitsa ndi nkhuku za akazi awo.

Akazi awowo, Nanyoni, ndiwo ankadziwa kuwawa kwake. Akati atenge lichero, muli bogi. Akati atsike pabedi m'mawa, kanjanji kawabaya kuphazi, mayo! Koma chimene chinkawaphwetsa mutu kwenikweni ndi chakuti a Thombozi sankamaliza kumva mawu a munthu. Ukangoti, "A Thombozi, kodi..." iwo akudula kale, "Ndadziwa kale!" Ngakhale kuchipatala, adokotala asanatsegule pakamwa, iwo atchula kale matenda ndi mankhwala omwe.

Misala ya tisitimayi sanali nayo okha. Panali madoda anzawo opuma pantchito ya njanji, ndipo anali ndi lamulo lawo. Wina akapeza mutu watsopano, ankaitana anzake. Aliyense ankabwera ndi bogi yake yapamtima n'kuilumikiza kumbuyo, mutuwo uzikoke zonse anthu akuona. Ukakanika, mwini wake ankasekedwa mpaka Khirisimasi, ndipo woyambitsa phwete anali a Sabola, munthu wa pakamwa poyabwa ngati dzina lake.

Tsiku lina kunafika mutu watsopano, wofiira psuu, wa mabatire, woyaka nyali kutsogolo. A Thombozi anauyesa pabalaza. Chikichiki, chikichiki, uwo, wakawomba botolo la mafuta ophikira, mafuta onse khuthu!

"Abambo a Tiyese," anatero Nanyoni, "lero musankhe. M'nyumba muno mugona ine kapena sitima."

"Ndadziwa kale! Ndizimangira nyumba yawoyawo. Sabola akabwera Loweruka lakumapeto kwa mwezi, adzakomoka ndi nsanje."

Anayamba n'kuyala njanji pabwalo mozungulira, ati njanji ndiyo imayamba, tauni imatsatira. Ndiye poopa kuti mbuzi zingapondepo, anaima pakati n'kuyamba kusanja njerwa kuzungulira njanjiyo. Nanyoni ankawapatsira njerwa ndi matope, mtima uli mbee poganiza kuti posachedwa azisesa m'nyumba mopanda kulumpha zitsulo.

Khoma litafika m'mawondo, a Thombozi ankangolilumpha. Nanyoni analiyang'ana, n'kuliyang'ananso.

"Abambo, ndimati ndifunse. Khomali lazungulira ponse, nanga..."

"Chiswe! Ndadziwa kale. Ndathira oyilo wakuda pansi."

"Ayi, sindikunena chiswe, ndikuti..."

"Mayi, njanji mwaidziwa liti inu? Patseni njerwa."

Khoma litafika pachifuwa, anaika mgolo mkati, makwerero kunja. Apa n'kuti kukudutsa a Likongwe, mchimwene wa Nanyoni, amene ntchito yawo inali yomanga nyumba. Anaizungulira nyumbayo atagwira chibwano.

"Alamu, ine ndazungulira koma sindikuona..."

"Mawindo! Ndadziwa kale. Windo limalowetsa fumbi ndi maso a ana. Ndasiya kabowo ka mpweya ako, kakwana."

Nanyoni anakokera mchimwene wawo pambali. "Achimwene, tawauzani mwamphamvu, inu mwina akumverani."

"Mlongo wanga, bambo awa pa chinkhoswe chanu anayankha mafunso tisanawafunse. Ine nditani? Akandifuna kudzakhoma malata, ndibwera."

Nanyoni sanaleke. Anayesa pa chakudya, anayesa pobwera kutchalitchi, anafika polemba ndi khala chithunzi cha chitseko pakhomapo. A Thombozi atachiona anati, "Ana a masiku ano! Ndadziwa kale amene walemba izi," n'kufufuta ndi chipewa.

Loweruka lija linakwana denga lisanakhomedwe. M'mawa a Thombozi anatsitsira sitima zonse mkati ndi dengu la pachingwe, nawonso n'kutsikamo ndi chigubu cha thobwa. Mgolo anautulutsa, ati ukuipitsa malo. A Likongwe ali pamwamba kukhoma malata, iwo ali pansi atatambasula jekete pamwamba pa mutu watsopano kuti msomali usaugwere.

"Alamu," anaitana a Likongwe, "latsala limodzi. Ndikhome?"

Nanyoni anamangirira chitenje, n'kukuwa kuti mpaka kusiteshoni anamva. "Abambo a Tiyese! Pa ukwati wonse uno mundimvere kamodzi kokha!"

"Ndiwo za alendo! Ndadziwa kale, iphani tambala uja!"

Mayi aja anapumira m'mwamba. "Khomani, achimwene."

Kho! Kho! Kho!

Dzuwa litakwera, madoda aja anafika atavala zipewa zawo zakale za kunjanji, aliyense atafukata bogi yokulunga m'kampango ngati khanda. Anaizungulira nyumba. Anaizunguliranso. Wina mpaka anagwada kusuzumira pansi.

"Odi, odi kuno!" anatero a Sabola.

"Lowani, lowani madoda!" mawu anamveka mkati. "Mudzaone chinthu chimene maso anu sanachionepo!"

"Tilowere pati?"

Mkatimo munayamba kumveka zikhatho zikupapasa khoma, pha, pha, pha, kuyambira kum'mawa, kudzera kumpoto, mpaka kubwerera pomwe zinayambira. Nanyoni anangokhala pakhonde n'kumasosola tambala wawo.

"Ndinachita dala!" anakuwa a Thombozi. "Umu ndi mmene amaonetsera ku Joni. Imani pamzere, muzisuzumira pakabowo."

Madoda anaima pamzere ngati pachigayo. A Sabola anaika diso pakabowo. Mkati munali bii, kanyali kokha kakudutsa n'kuzimiririka.

"Mwaona?"

"Ndaona chiphaniphani."

"Ndi mutu umenewo! Tamvani: chikichiki, chikichiki, pwiii!"

"Amene akulirawo ndinu, a Thombozi, mawu anu timawadziwa. Tsono mabogi athu tilumikiza bwanji?"

Anayesa kulowetsa bogi imodzi pakabowo, inakana. Mwini wake anaibweza msanga, n'kumaipukuta akutukwana chamumtima.

"Mutu wosakoka bogi za anzake si mutu," anagamula a Sabola. "Madoda, tiyeni tikadye tambala."

Tsono inu mumalidziwa dzuwa la ku Balaka. Likamenya malata, ngakhale buluzi amapempha madzi. A Thombozi, thukuta lili kamukamu, anapapira chigubu chonse cha thobwa, ndipo thobwalo linali logona. Posakhalitsa m'mimba mwawo munayamba kulira kuposa sitima ya malasha ikamakwera chitunda.

"Madoda," anatero ndi mawu ang'onoang'ono, "zinthu sizili bwino muno."

A Sabola anayankha fupa lili m'kamwa. "Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsekulani, a Thombozi!"

Anthu anagubuduzika ndi phwete. Pakabowo panatulukira mlomo.

"Nanyoni. Mkazi wanga wabwino. Kodi ndituluka bwanji muno?"

Nanyoni anaika mbale pansi, anasamba m'manja bwinobwino, anakoka mpando n'kudzakhala pafupi ndi kabowo. "Tabwerezani, abambo. Chikwatiwire sindinamvepo mukufunsa funso."

"Nditulutseni, mayi, ndapota nanu!"

Mayi aja anakodola mchimwene wawo. A Likongwe anabwera ndi chinyundo, n'kuima pakhoma.

"Alamu, kuzula malata kuchedwa, ndigumula khoma. Koma poti njanji yanu yatsata khoma ponseponse, muyambe mwa..."

"Ndadziwa kale! Gumulani!"

A Likongwe anayang'ana mlongo wawo. Mlongo wawo anayang'ana kumwamba.

Gu! Gu! Khoma lonse la mbali imeneyo wolokoto, kugwera mkati, nthawi yomweyo chiphaniphani chija chikudutsa pomwepo. M'fumbimo munatuluka munthu woyera mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa, atagwira lamba ndi manja onse, liwiro la kuchimbudzi, osapereka ngakhale moni kwa alendo.

Atafukula njerwa, anaupeza mutu watsopano uja utaphwatalala ngati chitini chopondedwa ndi lole. A Sabola anavula chipewa mwaulemu ngati pamaliro, n'kulumikiza bogi yawo kumbuyo kwake.

"Tiyeni, ukoke," anatero.

Chaka chimenecho nkhaniyi sinathere pa Khirisimasi. Inafika kumsika, inakwera sitima yeniyeni, inakatsikira ku Limbe ndi ku Salima. Ndiye inu ana, wamkulu akayamba kukuuzani kanthu, m'lekeni afike kumapeto, chifukwa kuchokera tsiku limenelo anthu amati: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.