Sabata Yogona Ngati Kanungu

Lolemba

Tchuthi chayamba, sabata yathunthu osaponda kuwodi kuchipatala komwe ndimagwira ntchito. Kuno kutsidya la nyanja ndi nyengo yozizira, folo koloko yomwe ino kunja kwada kale. Bambo a Tadala akadali ku Zomba kudwazika mayi awo, abwera mu Epulo. Miyezi itatu.

Tadala akuimba foni kuchokera kuyunivesite, akuti ndimumvetsere pamene akuwerengera mayeso. Nkhani yake ndi ya nyama zogona nyengo yonse yozizira, monga kanungu kaja kali pansi pa shedi ya Mai Banda, aneba athu. Akuti majini, malangizo aja a m'thupi, sasintha ayi. Kungoti ochepa amayatsidwa, ambiri n'kuzimitsidwa, ngati maswitchi a magetsi. Mtima umagunda mwaulesi, thupi limazizira, kanyama kamadzadzuka kunja kutafunda.

Nanga ine ndikudikiriranji ndili maso? Nane ndigona. Zofunika:
mabulangeti atatu
makatani otseka
foni pa sailenti

Lachiwiri

Nyama imayamba yanenepa kaye. Apa pokha ndikukhoza. Mandasi asanu, mtedza, buledi wopaka batala. Tadala akuti jini ina ikayaka, thupi limasiya kuwotcha shuga n'kuyamba kuwotcha mafuta. Langa likungosunga zonse ziwiri.

Kugona teni koloko m'mawa. Kudzuka ileveni isanakwane, ndikuganiza ngati bambo ake akukumbukira kumwa mankhwala a BP. Munthu uja popanda womuikira pa tebulo samwa.

Lachitatu

Chimayambitsa zonse ndi kuzizira, ndiye ndazimitsa hita. Maola awiri. Majini sakumva kanthu, ikumva ndi mphuno.

Mai Banda akugogoda. "Amake Tadala, makatani masiku awiri chitsekere. Ndimati mwina mwakomoka." Alowa, ayatsa hita, atereka tiyi. Akhala mpaka masana kukamba za mdzukulu wawo wa ku Kadoma.

Lachinayi

Ndafunsa Tadala ngati anthufe majiniwo tili nawo. "Ambiri tili nawo, Mami, koma mayatsidwe ake ndi ena." Akuseka. Akutinso ngakhale nyamazo sizigona mpaka kalekale. Pakapita masiku zimadzidzimuka, thupi n'kufunda pang'ono, kenaka n'kubwereranso. Ndipo maselo amasungiratu malangizo okopera kale, kuti tsiku lodzuka ntchito ingoyamba.

Ndatsekula wadiropu kufuna bulangeti lachinayi. Malaya a bambo ake asanu ndi limodzi, ositasita chiyambire Okutobala. Jekete yokawachingamira nayo kubwalo la ndege ili pahang'ala. Ndatseka. Bulangeti ndaliiwala.

Lachisanu

Sailenti yandipusitsa. Ndagona maola awiri athunthu, koyamba sabata ino, ndipo ndadzuka ndikunyada. Pafoni: bambo a Tadala aimba katatu. Kumudzi kwa apongozi netiweki imabwera ikafuna, ndipo amachita kukwera pachulu kuti aipeze. Ndabweza kasanu ndi kawiri. Sakupezeka.

Akwera chulu katatu, ndi bondo lawo lovuta lija, ine ndili phee.

Masana onse pawindo, foni m'manja, kuwerenga mabasi opita ku Woolwich. Sindikudziwa ngati amafuna kungondipatsa moni kapena matenda a apongozi akula. Sailenti ndachotsa.

Loweruka

Mai Banda anditenga kukaona kanungu. Palibe chooneka, mulu wa masamba basi. Akuti tisakhudze, kakadzuka nthawi isanakwane kamatha mafuta kenaka n'kufa. Taima pamenepo azimayi awiri akuluakulu, kunong'onezana ndi masamba.

"Kameneka kalibe amuna ku Zomba," atero Mai Banda. "Tiyeni m'nyumba."

Foni yalira ndili pakhomo, ndi bambo a Tadala. Apongozi ali bwinoko, dzulo amaliza phala lonse, ndi zimene amafuna kundiuza. Chimanga chafika m'chiuno. "Nanga inu mukugona bwino kumeneko?" Ndati eya. Yaduka tisanatsanzikane.

Lamulungu

Basi, ndalephera. Mawa shifiti ya seveni ku Romford, basi ndi sitima ziwiri. Januwale ndimuyenda ndi mapazi, Febuluwale chimodzimodzi.

Pobwera kutchalitchi ndapeza atumiza uthenga wa mawu. Moni wa masekondi khumi, kenaka aiwala kuzimitsa foni n'kuiika m'thumba. Mphindi zinayi za mvula pamalata, nkhuku, iwo akufunsa wina kumene kwapita ambulera.

Ndikusita yunifolomu. Uthengawo ndaubwereza kachitatu.