Katswiri wa Nyama wa ku Luangwa

Ku Garneton, kunja kwa Kitwe, sindipondako phazi masiku ano, ngakhale kutagwa maliro. Ndikuuzani chifukwa chake, koma musekere m'mimba.

Ndimayendetsa thiraki pakampani ina ku Heavy Industrial Area, ku Ndola. Tsiku loyamba anzanga atandifunsa kwathu, ndinati ku Luangwa. Sindinaname ayi. Ndinabadwira ku Luangwa, komboni ya ku Kitwe, kuseri kwa tchalitchi cha Reformed. Koma iwo pomva Chinyanja changa anaganiza za Luangwa wa kum'mawa uja, wa njovu ndi mikango. Ine sindinawakonze (munthu akakuveka chisoti, umachivuliranji?).

Basi ndinasanduka katswiri. Nthawi ya nkhomaliro ndinkawalalatira mosawamvera chisoni. Anthu a pa Copperbelt, abale anga, amadziwa magulu awiri okha a nyama: zodyedwa ndi zoluma. Mleme amati ndi mbalame. Bongololo amati ndi mwana wa njoka. Ine ndinkawalakatulira zimene ndinaloweza m'buku la sayansi la mwana wanga: zoyamwitsa, mbalame, zokwawa, achule ndi abale awo, nsomba, kenako chikhamu cha zopanda msana, akangaude, nkhono ndi ena otero.

"Mleme umayamwitsa, mbuli inu! Munauonapo utakhalira mazira?"

Onse kukamwa yasa. Chonsecho chilombo chachikulu chimene ine ndinali nditachionapo ndi maso chinali galu wa apolisi.

Lachisanu lina anandiitana a Mhango, otiyang'anira pantchito. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba, ndipo ali ndi puloti ku Garneton komwe amaweta nkhuku.

"Achimwene, kuli chilombo chikutimalizira mazira ndi anapiye. Mawa mubwere mudzatiuze kuti ndi chiyani. Eni tchire ndinu."

Sabata yomweyo kampani inali itagula thiraki yatsopano, ndipo wosankha dalaivala wake anali a Mhango omwewo. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Loweruka cha m'ma 10 ndinafika nditavala majombo ndi chipewa chobwereka. Ndinapeza a Mhango, akazi awo amene ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndi anansi angapo obwera kudzaona ukatswiri. Ndinazungulira khola manja ali kumbuyo. Ndinanunkhiza dothi (linkanunkha zitosi basi, koma ndinagwedeza mutu ngati ndamvapo kanthu). M'fumbi munali timapazi ta zikhadabo.

"Likongwe uyu," ndinatero. "Gulu la zoyamwitsa. Ubweya, mano, mabere."

Mayi Mhango anawerama. "Nanga mzere uwu wadutsa pakati pa mapaziwa, bambo? Ukuoneka ngati wa chinthu chokoka mchira pansi."

"Amayi, inu munaphunzitsa nyama za pa bolodi. Zenizeni zisiyireni ife."

Mnansi wina, Mbemba, anayesa kunena kuti mwina ndi njoka. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Njoka ya mapazi, bambo? Imavala nsapato saizi yanji?"

Anthu anaseka, ine mtima phwii kukoma. Mapazi aja analowera pansi pa mulu wa malata akale kuseri kwa khola. Ndinauza onse kuti asunthe, chifukwa likongwe amaopa munthu womudziwa yekha. Ndinagwada, ndinatukula lata limodzi, n'kulowetsa mutu.

Choyamba ndinamva phokoso ngati tayala la thiraki likuphwa. Kenako ndinaona lilime la mphanda likundinyambita mpweya pamphuno penipeni. Ubweya panalibe. Ndisanaganize kuti ili ndi gulu liti, chimchira chinanditibula patsaya, thwa!

"Ng'ona! Mayo ine, ng'ona!"

Mmene ndinakwerera padenga la khola sindikudziwa, poti makwerero panalibe. Denga lake linali la mitengo yofumbwa. Linandipirira kanthawi kochepa, kenako linandipereka kwa nkhuku. Ndinagwera m'kati, chitseko chinathyoka, nkhuku zonse balala m'chimanga cha anansi. Thalauza linang'ambika malo amene sindingatchule pano.

Chilombo chija chinatuluka mosafulumira, chikuyenda monyang'wa, n'kukalowa kuuna wa pachulu.

Mayi Mhango anasuzumira m'khola ine ndili chagada, nthenga zili m'kamwa.

"Ng'azi imeneyo, bambo. Gulu la zokwawa. Kapena mabere mwawaona?"

Ndikanapirira zimenezo. Koma kukuwa kwanga kunaitana mayi wina wachikulire wa puloti yoyandikana. Atandiyang'anitsitsa anaomba m'manja.

"Aa! Si mwana wa Natembo uyu, wa kuseri kwa tchalitchi? Wakula, iwe! Ukadaopabe abuluzi?"

A Mhango anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Achimwene, Luangwa wake uti?"

"Wa maminibasi, bwana, wa ku Kitwe konkuno."

Masana onse ndinathera kuthamangitsa nkhuku m'minda ya eni, dzanja limodzi litagwira thalauza. Mbemba ndinamunyoza uja ankandiyang'anira atakhala pamthunzi, akumandikuwira kuti, "Iyo yathawira uko, katswiri! Gulu la mbalame!" Thiraki yatsopano anapatsa mnzanga wina amene sadziwa kusiyana kwa chule ndi nkhanu.

Kuntchito nkhani inafika ine ndisanafike. Tsopano nkhomaliro ndimadyera m'thiraki yanga yakale, mawindo otseka, ndipo wina akapeza nalimata pakhoma amabwera kudzagogoda kuti ndithawe.

Ndaphunzirapo kuti nyama sizidziwa zimene unaloweza, ndiponso kuti mutu si chinthu choyamba kulowetsa pansi pa lata. Komabe pa mfundo imodzi sindisuntha. Chinthu chija chinali chachikulu kuposa ng'azi. Mayi Mhango anachionera patali ataimirira. Amene anayang'anizana nacho mphuno ndi mphuno ndine.