Mchere wa Enelesi

Lolemba
Enelesi, mwana wanga wa Sitandade 5, wabwera ndi ntchito ya aphunzitsi: asungunule mchere m'madzi, kenako aubweze, akauonetse Lolemba likudzali. Amalume ake akuti akalephera chaka chino sukulu yathera pomwepo, agwire khasu. Ine mkamwini ndilibe mawu pamudzi pano. Komatu ndinafika Sitandade 3! Ndamuuza kuti asade nkhawa. Kusungunula tasungunula. Kubweza kwake sindikukudziwa. Thukuta lili kamukamu.

Lachiwiri
Ndasefa madzi aja:
ndi nsalu,
ndi sefa ya ufa,
ndi chipewa changa.
Palibe chatsalira! Enelesi akuti, "Atate, aphunzitsi anakamba za dzuwa." Nanga osanena dzulo bwanji? Mbale ndaika pabwalo.

Lachitatu
Mbuzi yamwa zonse, yanyambita ndi mbale yomwe. Ndatapa mchere wina. Amake Enelesi: "Tidzadya ndiwo zosakolela chifukwa cha sayansi yanu?" Mbale yakwera padenga la nkhokwe.

Lachinayi
Kalanga ine! Nkhokweyo ndi ya apongozi. Aona mbale, akuti mkamwini akufuna kukoka chimanga chawo ndi mankhwala. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, ndiye ndikulongosola za dzuwa nditanjuta kuseri kwa nyumba, ndikuyankhula ndi khoma. Sakumva. Madzi akhuthulira kudzala. Kwatsala masiku atatu.

Lachisanu
Mbale yachitatu, mchere womaliza. Ndabisa kudimba. Anzanga ali pamthunzi kukangana za ndale za boma la Chitaganya, ine ndili padzuwa la Okutobala kulondera madzi. Ndapirikitsa nkhuku, galu, mbuzi yomwe ija. Malaya anga akhaki anyowa, auma, anyowanso. M'mbali mwa mbale mwayamba kuyera!

Loweruka
Mchere wabwerera! Woyera mbee! Ndasiya mbale pakhonde, liwiro kukaitana Enelesi kuchitsime. Pobwera, mbale ili gwaa, amake akokota zonse n'kuthira mumphika wa mfutso. "Mwachita bwino kuubweza, bambo." Onse akuti ndiwo zakoma. Ine sizikutsika. Ndikuopa kumuyang'ana mwana kumaso.

Lamulungu
Ndavala kuti ndipite ku Misa ku Minga, Enelesi wandigwira malaya. Akuti kumsana kuli mizere yoyera. Wakanda ndi chala, walawa. "Atate, vulani! Uyu ni mchele, dzuwa laubweza. Nipita nawo kusukulu mailo, Lolemba." Malaya ndili nawo ndi omwewa. Mawa kalasi yonse inunkhiza nkhawa zanga za sabata yathunthu, mwina aphunzitsi alawanso. Misa yandipita. Ndakhala kuseri kwa nyumba, ndafunda chitenje cha amake, apongozi akutsokomola podutsa. Zilibe kanthu. Bola mwanayu asagwire khasu.