Mmene ndinasankhira koleji pogwira kapinga

Amene akuti ine Gomani sindinapite ku koleji aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani chete. Iwe Tamanda, tula chikwama chakocho pakhomopo. Mayi ako andiuza kuti wathawa ku koleji, ati chipinda n'chothina, chakudya n'chozizira, anzako sapereka moni, ndiye subwererakonso. Eish. Khala apa umve za agogo ako, ndipo ndikanama liwu limodzi, ndodo yangayi iphuke masamba.

Ndinafika ku Joni kuno ndili mnyamata, Pitoliya asanadzaze chonchi, ndikugona m'kachipinda kakuseri ku Mamelodi n'kumagwira ntchito ya m'gadeni ku Menlo Park. Tsiku lina mtima unati, Gomani, mutu wonsewu uthere pothirira maluwa a madamu? Ndinavala jekete n'kuyamba kuyendera makoleji. Inu a masiku ano mumasankha poona zithunzi pafoni. Ine ndinkagwada n'kugwira kapinga, chifukwa sukulu yolephera kuthirira udzu ingathirire bwanji mutu wa mwana? Koleji yoyamba kapinga wake anali wouma ngati ndevu za mbuzi, ndinangolavula n'kudutsa. Yachiwiri anali atadulira maluwa a rozi nthawi yolakwika, ndinati awa angandidulirenso nzeru. Koma yachitatu, abale inu, kapinga wake anali wobiriwira moti ng'ombe za kwathu ku Ntcheu zinamva fungo lake n'kuyamba kulira zitayang'ana kum'mwera, ndipo nditangoponda phazi linamira mpaka m'bondo, nsapato yakumanzere sindinaipezenso, ikadali momwemo mpaka lero, ndamva kuti inaswa ana. Ndinati koleji yanga ndi ino.

Mukumva? Anandilandira tsiku lomwelo. Mzungu woyang'anira mabwalo anangoona manja angawa n'kuti, "Uyambe mawa."

Ine ndinkaganiza kuti ana a pakoleji amayenda buku lili kumaso, amalankhula motsitsa, akakumana ndi munthu amavula chipewa. Kuti? Ndinapeza zimphona zoyenda popanda nsapato chonsecho makolo awo ali ndi magalimoto, zikugona chagada pakapinga wanga yemwe uja, zikadzuka n'kumagwetsana polimbirana mpira wooneka ngati papaya. Moni? Chaka chinatha osandipatsa. Chakudya ukunena iwecho, ine ndinkamwera tiyi m'chitini cha jamu kuseri kwa shedi, tiyi wozizira moti mwezi wa Juni ndinkachita kumuswa ndi khasu n'kumatafuna. Mtima unkawawa, sindibisa ayi. Koma sindinathawe.

Maphunziro okha ndiye anali osefukira. Nzeru zinkatuluka m'mawindo ngati utsi, ine ndikudulira mpanda wa mitengo m'munsi mwake, mpanda wautali moti ndikakwera makwerero Lolemba ndinkatsika pa Isitala, ndipo zonse zinkandigwera m'mutu, masamu, malamulo, za nyenyezi, zotsala n'kudonthera pansi, mpaka mfuko za m'bwalomo zinayamba kukumba mizere yowongoka ngati mainjiniya, khwangwala wina n'kumatsutsana ndi pulofesa pa Chilatini mpaka pulofesayo kupepesa. Mutu wanga unakula, mukumva? Chipewa chinang'ambika, m'sitima ya ku Mamelodi ndinkalowa cham'mbali, ndipo apolisi atandiimitsa kuti ndionetse pasi, ndinawalongosolera lamulo lawo lomwelo kuyambira kumutu mpaka kumchira, iwo n'kugona ali chiimire, galu wawo yemwe, ine n'kumapita.

Mukuseka chiyani? Funsani a Phiri, tinali limodzi. Kungoti anatisiya.

Iwe Tamanda, ukuti chiyani? Kweza mawu, makutu anatha awa. Ukufunsa kuti m'kalasimo ndinkakhala kutsogolo kapena kumbuyo? Kuti mipando yake inali yotani?

Mwana iwe, pakamwa ngati mayi ako.

Mipandoyo sindikuidziwa. Mawindo aja anali m'mwamba, ndipo masiku amenewo munthu wa khungu ili ankalowa m'kalasimo atanyamula chikolopa basi, koma ine ngakhale chikolopacho sichinali changa. Zaka zonse zija ndinathera panja, khutu lili kukhoma. Ndakalamba ndikungoganizira, kaya ndi yathabwa, kaya ndi yachikopa, kaya munthu akakhalapo nzeru zimalowa mwa mtundu wina.

Ndiye tola chikwamacho. Chakudya chizizire, moni akumane, iwe Lolemba ukwere sitima, ukakhale pampando umenewo, kutsogolo kwenikweni. Pa holide udzandiuze mmene umamvekera.