Komputadolo ya Apongozi Yapepuka

Lolemba

Feriyasi yayamba! Ana asukulu ali kwawo, ine pulofesolo wawo ndatsala ndi manja awiri opanda chogwira. Ndiye lero ndayamba ntchito yomwe ndakhala ndikuilota: kupepula komputadolo ya apongozi.

Ndi ija anatumiza alamu anga a Zefa kuchokera ku Maputo, yagalasi lalikulu, chifukwa maso a apongozi sagwira nkhope pa telefoni. Lamulungu lililonse akaweruka ku Misa amakhala pampando, n'kudina kachithunzi kobiriwira, n'kucheza ndi mwana wawo maso ndi maso. Koma kuchedwa kwake! Ukaiyatsa ukhoza kupita pamsika wa Domwe, kukakangana mtengo wa nyemba, kubwerako, iyo ikadali kuyasamula.

Mankhwala ndawapeza: kapulogalamu kopepuka koyendetsa mazenera a pagalasi. Kopanda tizithunzi, kopanda maluwa, rato yemwe, kambewa kodinira kaja, sikamufuna. Chilichonse ndi mabatani a pa tekilado yolembera ija. Ukatsegula zenera limodzi limadzaza galasi lonse. Zenera lachiwiri likabwera amagawana pakati, mwamtendere, kuposa ana a mimba imodzi pa dimba la malemu.

Lamulungu likubwerali ndi lalikulu. Akazi a Zefa achira, mwana wamwamuna, ndipo apongozi amuona koyamba. Ndikufuna amuone komputadolo isanaphethire. Anthu adziwe kuti pamudzi pano panabwera mkamwini wa diploma.

Vuto ndi lomwelo: ndine mkamwini, komputadolo ili m'nyumba mwa apongozi. Ine ndi iwo sitikhala m'chipinda chimodzi, tikakumana panjira wina amapatukira patchire. Choncho ndizigwira ntchitoyi akapita kudimba, Luziya mkazi wanga atakhala pakhonde ngati mlonda.

Lachiwiri

Yayaka! Yayaka ndisanamalize kupukuta magalasi anga amaso! Ndakuwa mpaka nkhuku zabalalika pabwalo.

Galasi lakuda bii, kamzere kamodzi kokha m'munsi. Kukongola kwake, abale.

Luziya wasuzumira. "Senyolo pulofesolo, mwaiwotcha?" Ndamufotokozera kuti akatswiri amagwira ntchito pamalo oyera chonchi. "Nanga kachithunzi ka amayi kali kuti?" Ndati kudina tizithunzi n'kwa anthu aulesi. Wati ndidzabwereze mawu amenewo eni ake ali pomwepo.

Zotsala:
– mitundu (wa dothi la katondo m'mphepete, wa masamba a kachewere pa zenera lomwe ukugwirapo)
– timipata pakati pa mazenera, kuti azipuma
– wotchi pakona
– chithunzi cha phiri la Domwe kumbuyo
– kachithunzi ka apongozi (mawa, n'kosavuta)

Lachitatu

Mitundu yatheka! M'mawa wonse ndakhala ndikusankha chobiriwira choyenera. Luziya akuti zonse n'zofanana. Munthu waluso amavutika m'banja.

Kavuto kakang'ono. Amene anakonza kapulogalamuka anali ndi tekilado ya Chingerezi, ya apongozi ndi ya Chipwitikizi. Batani lopitira kumanja kulibe, pamalo pake pakhala chilembo cha c wamchira uja, phee, ngati ndi kwawo. Ndasintha mabatani onse kuti agwirizane ndi zala zanga. Tsopano sindikukumbuka lotsekera zenera ndaliika pati. Pofunafuna ndangotsegula ena. Galasi lasanduka malaya azigamba. Ndazimitsira pakhoma, mwaukatswiri.

Ndili mkati moyatsanso, Luziya wayamba kutsokomola pakhonde. Apongozi abwerako msanga, akuti chisanu chawalowa m'mawondo. Ndatulukira khomo lakumbuyo, nsapato imodzi kuphazi, ina yatsala pansi pa tebulo. Madzulo yabwera yokha, yopukutidwa bwino, popanda mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Lachinayi

Mawu apita. Komputadolo yapepuka mpaka yasiya pakamwa. Zikuoneka kuti pochotsa zolemera ndinachotsa ndi koyendetsa mawu komwe.

Koma taonani! Mazenera tsopano akuonekera ngati madzi a pachitsime, phiri likuoneka kuseri kwa zilembo! Ndajambula, ndatumizira anzanga omwe ndinaphunzira nawo ku Tete. Wina wayankha: "Wafikapo, mwana wa ku Angonia." Wina: "Yakongola. Umaigwiritsira ntchito yanji?" Nsanje basi.

Apongozi dzulo anaiyatsa kuti aone ngati ili bwino. Uthenga wadzera kwa Luziya, monga mwa mwambo: "Ukawafunse abambo akwanuwo ngati wailesi ya Zefa yamwalira, tiyambe kutumiza uthenga kwa abale." Ndayankha kudzera kwa Luziya yemweyo kuti ili moyo, yangovula jekete.

Kachithunzi kobiriwira: mawa.

Lachisanu

Magetsi azima m'mawa wonse. Ayaka apongozi akutula khasu pakhomo. Ndakhala pansi pa mpichesi ndikuyang'ana nyumba yawo ngati mnyamata wofuna kufunsira.

Luziya: "Ingobwezeretsani zakale zija, bambo." Zakale zija ndinazifufuta Lolemba pofuna malo. Izi sindinamuuze. Ndamuuza kuti sayansi siyenda chobwerera. Wandiyang'ana momwe amayang'anira nyemba zofumbwa.

A Zefa atumiza mawu pa telefoni: "Alamu, amayi akonzeka? Muwauze amange mtima, mwana wake ndi chimphona, sakukwana m'manja!" Ndayankha kuti kuno zonse zili m'malo mwake. M'mutu mwanga zilidi m'malo mwake.

Loweruka

Apongozi apita kukasesa kutchalitchi ndi amayi anzawo. Mwayi!

Mawu abwerera! Sindikudziwa ndakhudza chiyani, ndipo sindikhudzanso. Kamera ikuona. Wotchi ikuyenda, ngakhale ikunena nthawi ya dziko lina.

Kachithunzi kobiriwira kakanika. Kapulogalamuka sikadziwa n'komwe kuti pagalasi pangakhale chinthu chodina. Koma diploma sinapite pachabe! Ndamangirira ntchito yonse yoimba pa batani limodzi, ndalipaka utoto wofiira wa zikhadabo za Luziya. Kudina kamodzi, Maputo uyo. Ndayesa: a Zefa mbwee pagalasi lonse, ali ndi mswachi m'kamwa. Adzidzimuka mpaka ameza thovu.

Apongozi atabwerako, ndamutuma Luziya akawauze: batani lofiira, kamodzi kokha. Wapita, ndamva kuseka, wabwerako. "Akuti komputadolo ya mwana wawo amaidziwa, asaphunzitsidwe ndi obwera."

Palibe kanthu. Mawa dziko liona!

Lamulungu

Misa yatha, nyumba yadzaza. Apongozi pampando, achemwali awo pamkeka, amayi a kwaya ndi zitenje zawo zofanana mpaka pakhomo. Ine ndanjuta panja, m'munsi mwa zenera la nyumba, khutu kukhoma, diso limodzi likusuzumira m'kati.

Pali chimodzi chomwe sindinachiganizire. Komputadolo yakale ija inali yogontha, ndiye apongozi anazolowera kuidina ngati akusinja: kudina, kudina, kudinanso, mpaka imve. Yatsopanoyi imamva chilichonse, nthawi yomweyo, mwaulemu. Kudina kulikonse kwabala zenera lake. Galasi lagawika, lagawikanso, mpaka a Zefa ndi mwana atsala pakona, m'kabokosi konga ka machesi.

Kenako apongozi: "Mayo ine! Mwana wake ndi ameneyu? Chimphona chija n'chimenechi?"

A Zefa akukuwa kuchokera m'kabokosi kuti mwana ndi wonenepa, afunse anamwino. Apongozi: "Usandinamize, ndikuona ndi maso angawa. Iwenso watha, mutu watsala ngati nyemba. Kodi ku Maputoko mumadya?"

Ndanong'oneza pazenera: "Luziya, dina batani lojambulidwa mbendera pamodzi ndi F, zenera likula!" Wadina. Lakuladi, koma zenera lina, lopanda munthu. Mwana wasowa. Amayi a kwaya ayamba nyimbo yopempherera odwala, mawu anayi, bwinobwino.

Tekilado ndikuiona, dzanja langa likhoza kuifika nditangolowa. Koma apongozi ali pomwepo, ndipo akuti sadzuka pampando mdzukulu wawo ali m'mavuto. Luziya wadinanso, kabokosi kabwerera. Acheza choncho, mphuno ili pagalasi, mpaka intaneti yatha.

Masana a Zefa atumiza chithunzi cha mwana pa telefoni ya Luziya kuti nkhani ithe. Apongozi achiyang'ana nthawi yaitali. Akuti apanso ndi wamng'ono, umboni wakwana.

Chigamulo chadzera kwa Luziya. Komputadolo yafundikidwa chitenje, asaikhudze munthu mpaka mwini wake adzabwere pa Khirisimasi. Mawa thumba la kachewere ndi la nyemba apite ku Maputo, make mwana adye, mkaka utuluke. Wokawakweza basi ku Ulongwe ndi mkamwini, poti ali pa feriyasi.

Thumba limodzi ndaliyesa kulinyamula. Silikusuntha.

Ndikupopa njinga.