Chitsulo Chomva Kutentha ndi Chinkhoswe cha ku Molumbo

Lolemba
Chafika. Chitsulo chachikulu ngati dzungu, kulemera kwake ngati mwana wa mbuzi. Adona Esinati, eni nyumba ya migolo ya petulo imene ndimalondera kuno ku Milanje, achiitanitsa kutali. Mesitiri Arimando, mmisiri wamagetsi, akuti dzina lake teremositatu. Ntchito yake: chikamva kutentha, chiyatse chokha fani. Chivundikiro chake chimamangidwa ndi mabawuti sikisi, kuti kamoto ka magetsi kasatuluke n'kukumana ndi mpweya wa petulo.

Yoyatsa faniyotu ndi ntchito yanga. Zilimwe zonsezi ndine ndimaika chikhatho pa lata la chitseko. Likawotcha ndithamangire pamtengo wa mango pamene pali swichi, likazizira ndikazimitse, poti adona amati fani imadya magetsi ngati nkhumba. Kuchoka tsiku lathunthu sindingathe.

Loweruka kuli chinkhoswe cha Rozina, mwana wa mlongo wanga, ku Molumbo. Wolankhula ndine, malume wamkulu. Adona akuti: "Chikagwira ntchito pofika Lachisanu, mupite."

Zokonza: jekete, matayala a njinga, mawu. Mawu ndili nawo kale okwana maola awiri.

Lachiwiri
Mesitiri akuti chikhale pakhoma m'kati, m'mwamba, poyera, pamene kutentha kumasonkhana. Adona akukana: "Poyera? Ogula zitsulo zakale aja simuwadziwa? Anazula ndi chivundikiro cha mjigo."

Aitana wowotcherera kuti achipangire khola la zitsulo. Munthu wafika ndi makina ake, akufunsa poti alumikize waya. Pambali pa migolo! Ndamuthamangitsa ndi chitsulo chopimira petulo mpaka kumsewu. Akunditukwana kuti ndine nkhalamba yolongolola. Kulongolola kwangako n'kumene kwasiya msika wonse uli chilili, koma wondithokoza palibe.

Tsiku lapita. Ndayeseza mawu oyamba pamaso pa migolo. Yamvetsera bwino.

Lachitatu
Mesitiri wachikhomera pakhoma, walumikiza mawaya m'paipi yachitsulo, wapita ku maliro. Atangokhota, adona abwera ndi mmisiri wa njerwa. Akuti chimene wakuba sachiona sachiba. Njerwa mbali zonse, pulasitala pamwamba, ndi laimu womwe. Khoma latupa ngati lalumidwa ndi mavu.

Ndikuti, adona, mwana womufunda mabulangete anayi angadziwe bwanji kuti kunja kwacha? Akuti: "Achimwene, inu nkhani zanu kasungireni ku Molumbo."

Ndazisunga. Ndawonjezamo ndime ya ng'ombe ya agogo ake a Rozina imene inakana kuwoloka mtsinje wa Ruo. Tsopano maola awiri ndi theka.

Lachinayi
Dzuwa la lero ndi loswa mtengo. Lata likuwotcha chikhatho, m'nyumba fungo la petulo mpaka kulasa m'maso. Fani zii. Chitsulo chagona m'njerwa zake, chikumva kuzizira ngati mtsuko. Wathamangira kumango ndani? Ine, ndi mawondo angawa.

Mesitiri wabwera, wayang'ana khoma, wakhala pansi. Kenako akuti: "Dona, ndinakuuzani mundigulire chomva kutentha, osati muchiike m'manda."

Tagubuduza migolo yonse kupita nayo pamthunzi kuti tigumule bwino. Tagumula. Fumbi la simenti lalowa paliponse, ndiye mesitiri wamasula chivundikiro kuti apukute timilomo ta magetsi ta m'kati mwake. Mabawuti wandipatsa ine: "Madala, sungani ngati mano anu." Mano ndili nawo anayi, koma ndamva. Ndawaika m'thumba la jekete, poti lero ndavala jekete kuti mapewa azolowere.

Lachisanu
M'mawa chitsulo ndachipeza chofundidwa kansalu koluka, ka pa wailesi ya adona, ndi duwa la pulasitiki pamwamba. Adona akuti chinthu chodula sichikhala maliseche. Mesitiri wavula chipewa, wachivalanso, wachotsa kansalu.

Nthawi yomanga chivundikiro. Ndipisa m'thumba: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Basi.

Tasesa nyumba yonse. Tasefa zigumu za njerwa ndi sefa ya ufa. Ine ndikukayikira awa:
mmisiri wa njerwa, ali ndi maso oyendayenda;
tambala wa adona, amameza chilichonse;
mesitiri mwini wake, kodi anandipatsadi sikisi?

Adona atulutsa mphira ya chubu cha njinga: "Mangani ndi iyi. Matumba a chimanga amawoloka malire tsiku ndi tsiku atamangidwa ndi mphira, wagwa ndani?" Ine ndavomereza. Bawuti ya pakeliyala ya njinga yanga ndazulanso, ndapereka. Mesitiri wakana zonse. Akuti pakatsala kampata ngati ka tsitsi, kamoto katuluka, ndipo atipeza zidutswa pamwamba pa phiri la Tumbine. Bawuti yake yeniyeni aifunsa ku tauni ya Mokuba, mwina sabata yamawa. Wadula mawaya a chitsulocho, wapita. Migolo taibwezera m'nyumba.

Munthu wouma mtima ngati ameneyu sindinamuonepo. Bawuti imodzi!

Loweruka
Chikhatho pa lata. Kumango. Chikhatho pa lata. Kumango.

Nthawi ino ku Molumbo ayala mikeka. Ndatumiza uthenga kuti alankhule mng'ono wanga Wisikesi, munthu woti ukamupatsa moni amayankha mawa. Aziti chiyani? Ng'ombe ija sakuidziwa n'komwe mtundu wake.

Mawu onse ndawalankhula kwa migolo, maola atatu. Pa ndime ya ng'ombe ndalira ndekha.

Lamulungu
Mlongo wanga waimba pafoni ya adona. Akuti zayenda bwino kwambiri. Wisikesi anaimirira n'kunena kuti: "Mwana ndi uyu, musungeni bwino." N'kukhala pansi. Anthu akuti nthungululu mpaka kumsewu, chakudya anadya chikadali chotentha, akuchimuna akuti chinkhoswe chokoma chotere sanachionepo. Mlongo wanga akuti: "Achimwene, musadandaule, sitinavutike n'komwe."

Chitsulo adona apita nacho kunyumba kuopa akuba. Chili m'kabati ya magalasi pakati pa makapu a alendo, kansalu kake pamwamba.

Ndavala jekete kuti ndipite ku mapemphero a masana. Chinachake chikundigunda pantchafu. Thumba n'lobooka pakona, ndipo m'mpendero, pansi penipeni, muli kanthu kolimba.

Adona akufunsa: "Achimwene, lero mwangoti phee, mukudwala?"

Ndangopukusa mutu. Lata layambanso kuwotcha.