Nandolo Wodikira Sitima

Pali zinthu zina munthu ukazikumbukira umadzitsonya wekha. Ine changa ndi nandolo, matumba khumi ndi anayi, amene sanali anga n'komwe.

Ndimagwira ntchito yaulonda pahotela ina ku Doha kuno, kugona ku Umm Ghuwailina. Chaka chimene nkhondo inavuta panyanja, sitima zikuthawa mizinga n'kumazungulira njira yaitali, zinthu zina zinayamba kusowa. Raju, Mmwenye wa kalesitilanti komwe timadya masana, anayamba kutipatsa msuzi wamadzimadzi, nandolo wake wochita kusaka ndi supuni.

"Mafi, habibi," anatero, kutanthauza kuti kulibe. "Sitima sizikubwera."

Ine, mwana wa ku Phalombe, ndinadziguguda pachifuwa. "Raju, kwathu nandolo timachita kupondaponda. Ukufuna matumba angati?"

"Onse amene uli nawo."

Sabata yomweyo anandiimbira achemwali anga, a Esinati. Amuna awo anamwalira, amalima okha, ndipo chaka chimenecho nandolo anawayanja. Anati boma latsegula msika wogula nandolo wotumiza kunja, kwa masabata atatu okha, ndiye akufuna agulitse agule malata mvula isanagwe.

"Musagulitse, achemwali," ndinatero. "Boma likagula likupita naye kuti? Kunja. Nanga ine ndili kuti? Kunja komweko! Tinenepetserenji anthu apakati?"

"Koma achimwene, dengali laola. Anzanga onse akupititsa."

"Asiyeni apititse. Ine ndili ndi ma-connection. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

(Ma-connection angawo anali Raju basi, kuphatikizapo yunifolomu yanga yokhala ndi nyenyezi ziwiri paphewa.)

Tsiku lopuma ndinavala jekete, dzuwa lake la kuno lija, ulendo kudera lotchedwa Old Airport, kuofesi ya anthu otumiza katundu pasitima. Kalaliki wake anandilandira ngati bwana, mpaka kundipatsa tiyi.

"Makontena angati, sir?"

"Matumba khumi ndi anayi."

Anasiya kulemba. "Achokera doko liti?"

"Phalombe."

Anafufuza pakompyuta nthawi yaitali, kenako anatembenuzira galasi la kompyutayo kwa ine. "Sir, kwanuku kulibe nyanja."

"Ilipo ya Chilwa," ndinayankha, osaphethira.

Munthu uja anali woleredwa bwino, sanaseke. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani, kuti panthawi ya nkhondo malo m'sitima ndi ochepa, ndipo maboma ndi makampani akuluakulu amatengeratu kudakali miyezi. "Ngati boma lanu likugula, gulitsani komweko. Malo ali ndi iwowo."

Apa ndiye pamene ndinalakwa zenizeni. Msika unali utatsala ndi sabata yathunthu. Munthu wanzeru akanaimba foni pakhonde pomwepo n'kunena kuti achemwali, thamangani. Koma ine ndinachita manyazi. Ndinawauza kuti zonse zikuyenda, tikungodikira ku-signa mapepala. Msika unatsekedwa, galimoto zaboma zinapita, matumba aja anatsala mpwechepweche m'chipinda cha achemwali.

Sindinagonjebe. Ndinayamba kupempha anzanga opita kutchuthi kuti aliyense azibwera ndi pang'ono m'chikwama. (Ndinali nditawerengera kuti pakatha zaka zinayi tikhala titamaliza.) Anavomera mmodzi yekha, Chikondi, dalaivala wa pahotela pathu, ndipo anabwera ndi kajumbo kamodzi patatha miyezi itatu.

Ndinalowa nako kwa Raju nthawi ya nkhomaliro, anthu atadzaza. "Sample ija nayi!" ndinalengeza, n'kukhuthulira patebulo.

Nandolo uja anayamba kuyenda. Anankafumbwe, abale anga, akuluakulu okhuta bwino, ena kulunjika kumpunga, ena kuchapati. Makasitomala ananyamula mbale m'mwamba.

"Khalas, basi! Yalla, tuluka!" anakuwa Raju, akumenya tebulo ndi nsanza. Kenako analoza kuseri kwa kauntala. "Ndipo sindikufunanso. Wafika kale."

Panali matumba atsopano, osanjikizana mpaka kudenga, olembedwa dzina la dziko langa ndi zilembo zikuluzikulu. Nandolo wogulidwa ndi boma uja. Mwina wina anali wa aneba a achemwali, amene panthawiyo n'kuti akugona m'nyumba za malata.

Mvula itayamba, achemwali sanandikalipire. Anangonditumizira chithunzi cha mabeseni anayi ali pakati pa nyumba, ana atapanikizana pakona youma. Chinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinawaimbira, n'kuulula zonse, za kalaliki ndi sabata ija yomwe.

Iwo anangoti, "Chabwino, achimwene. Nandoloyo tikudya. Ana akuti ndi wabwino, wabwera ndi nyama yake."

Malata ndinagula ine, ndipo chaka chimenecho kumudzi sindinapite. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, mwinanso ulemu wanga wabwerera. Koma mwezi wathawu Chikondi anandiuza kuti achemwali chaka chino analima soya, anakolola, anagulitsa kale. Timalankhulana Lamlungu lililonse. Za soya sananditchulirepo ngakhale kamodzi.